Matope: Doko Limene Madzi Adalithaŵa

Mwana wa sukulu akafunsidwa kuti atchule madoko a dziko lino, amatchula Monkey Bay, Chipoka, Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Chilumba, ndipo mphunzitsi amamuyamikira. Palibe amene angaganize zotchula malo a m'boma la Neno, pakuti Neno timaidziŵa ndi mapiri, mbatata ya kachewere, manachesi ndi msewu wosautsa. Komabe kumunsi kwa boma limeneli, kumene dziko limatsetserekera ku mtsinje wa Shire, kuli malo amene kwa zaka zoposa 20 adali khomo la nyanja yathu. Mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, wofuna kukafika ku Likoma, ku Bandawe kapena ku Karonga, ankayenera kufika pamenepo ndi kudikira sitima. Malowo ndi Matope.

Tsono doko limeneli silidamangidwe chifukwa cha kukongola kwa malo kapena mphamvu za mfumu ina yake. Lidabadwa chifukwa cha mathithi. Shire akatuluka m'nyanja ku Mangochi amayenda mwaulesi, kudzera m'nyanja ya Malombe ndi pa Liwonde, ngati nkhalamba yopita kudambwe. Koma akangopitirira Matope amasanduka wina. Amagwera pa Kholombidzo, pa Nkula, pa Tedzani, pa Mpatamanga mpaka pa Kapichira, ndipo pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80 amatsika mamita oposa 350. Palibe ngalaŵa imene ingayende pamenepo. Choncho sitima yochokera kunyanja inkathera ulendo wake pa Matope, yochokera ku Zambezi inkathera kumunsi kwa Kapichira, ndipo pakati pa malo aŵiriŵa padatsala mpata umene chitsulo ndi nthunzi zidaulephera. Mpata umenewo adautseka ndi mitu ya anthu.

Mzungu woyamba kuŵaŵidwa mtima ndi mathithi ameneŵa adali David Livingstone. M'chaka cha 1858 mathithi a Kebrabasa, amene lero timati Cahora Bassa, adali atamutsekera kale njira ya Zambezi. Adatembenukira ku Shire ndi kasitima kake kodontha kotchedwa Ma Robert, koma kumayambiriro kwa 1859 adapezanso madzi akulira pa miyala. Adaŵatcha mathithi a Murchison polemekeza mkulu wina wa ku Britain amene sadapondepo phazi kuno, ngakhale kuti mathithiwo adali ndi maina ao kale, ndiponso anthu oŵadziŵa. Nyanja adakaiona pansi, m'mwezi wa Seputembala chaka chomwecho. Mu 1861 adanyamulitsa bwato lopalasa kulambalala mathithi onse. Mu 1863 adayesa kutero ndi sitima yake Lady Nyassa, imene adaigula ndi ndalama zake kuti ikayende pa nyanja ndi kutsekereza malonda a akapolo. Adayamba kulambula msewu, koma boma la kwao lidamuitana ntchito isadathe. Sitima imene idatchedwa dzina la nyanja yathu sidailaŵe konse nyanjayo. Mwini wake adaoloka nayo nyanja yamchere mpaka ku Bombay mu 1864, nakaigulitsa kumeneko.

Chimene chidamukanika Livingstone chidatheka patapita zaka 12. Mu 1875 gulu la amishoni a ku Scotland, lotsogozedwa ndi E. D. Young, mmene mudalinso Robert Laws akali mnyamata, lidafika kumunsi kwa mathithi ndi sitima ya Ilala. Adaimasula zidutswazidutswa. Mafumu a Amakololo, aja adatsalira kuno atabwera ndi Livingstone, adasonkhanitsa anthu mazanamazana, ndipo anthuwo adasenza mbale zachitsulo, misomali, mapaipi ndi zida za injini, kukwera nazo m'matanthwe otentha a m'mbali mwa mtsinje, malipiro ao ali mikwamba ya nsalu. Olemba mbiri amabwerezabwereza mfundo imodzi mozizwa: kuti pofika kumtunda sipadasoŵe kanthu ngakhale kamodzi. Ine chimene chimandigwira mtima si kukhulupirika kwaoko ai, chifukwa ameneyo ndiye mwambo wa makolo athu pa katundu wa mlendo. Chimandigwira mtima nchakuti kuzizwa konseko kudathera pa kuŵerenga misomali. Sitima idalumikizidwa kumtunda kwa mathithi, niloŵa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875, ndipo dzina lake likuyandamabe pa madzi athu mpaka lero. Maina a oisenza sadayandame ngakhale tsiku limodzi.

Kuyambira pamenepo njira idatseguka, ndipo mpofunika kuti aŵerengi aione yonse m'maganizo mwao, kuti amvetse chimene Matope adali. Katundu wochokera ku Glasgow kapena ku London ankatsikira pa Quelimane. Kuchokera apo ankakwera mtsinje wa Kwakwa m'mabwato, kenaka nkusenzedwa pamtunda mpaka ku Zambezi. Sitima yaing'ono inkamutenga kukwera naye Zambezi ndi Shire mpaka kwa Katunga, pafupi ndi Chikwawa. Apo amtengatenga ankamulandira, nkukwera naye phiri mpaka ku Blantyre, kumene amishoni adakhazikika mu 1876, ndi kumene abale aŵiri John ndi Frederick Moir adamanga likulu la kampani yao ya African Lakes, imene idayamba mu 1878 ndipo tonse timaidziŵa ndi dzina lakuti Mandala. Kuchokera ku Mandala ulendo unkatsetsereka kuloŵera kumpoto chakuzambwe, masiku aŵiri, mpaka kukaona madzi pa Matope. Msewuwo unkafika pa mtsinje kuchokera kuvuma. Masiku ano dzina la Matope timalimva kwambiri tsidya la Neno, kumene kuli mishoni ya Anglican. Koma doko la pa mtsinje silikhala la tsidya limodzi. Nkhuni zosonkhera sitima, ufa, nkhuku ndi anthu a ntchito zinkachokera uku ndi uku.

Poloŵa m'dziko ankasenza nsalu, mikanda, waya wamkuwa, mabuku, mankhwala a malungo, mfuti ndi onga. Potuluka ankasenza makamaka minyanga ya njovu. Anthu amene maina ao adadzaza mabuku a mbiri adapondapo pa matope amenewo. Frederick Lugard, amene pambuyo pake adadzalamulira Nigeria, adadzera njira yomweyi mu 1888 popita ku nkhondo yolimbana ndi Mlozi ku Karonga. Ndipo mu 1885 pa Matope penipeni padamveka kulira kwa nyundo miyezi ingapo, pamene amishoni a Anglican a gulu la UMCA ankalumikiza sitima yao yotchedwa Charles Janson. Dzinalo lidali la wansembe wao amene adafera m'mbali mwa nyanja mu 1882. Mnzake William Percival Johnson ndiye adapita ku England kukapempha ndalama za sitimayo, koma pobwerera adadwala maso pa Quelimane mpaka kutsala pang'ono kuchita khungu lenileni. Sitimayo idatsikira m'madzi pa Matope, nikhala tchalitchi ndi sukulu yoyandama ya midzi ya m'mbali mwa nyanja kwa zaka zambiri. Munthu akaima lero pa gombe lachete lija, nkovuta kukhulupirira kuti padamangidwapo sitima.

Apa ndifuna tichedwepo pang'ono, pakuti mpamene pagona nkhani. Mtolo wa mtengatenga unkalemera makilogalamu pafupifupi 25. Ndiye kuti tani imodzi yokha ya katundu inkafuna anthu 40. Tsono taganizani sitima yathunthu, kapena malata a nyumba ya boma, kapena makina osindikizira mabuku. Munthu aliyense mwa anthu 40 aja adali ndi mimba yofuna nsima panjira, adali ndi munda umene adausiya, ndipo adali ndi mkazi amene ankatsala akulima yekha, mwana ali kumbuyo. Ulendo unkanyamuka m'bandakucha, kapitao ali patsogolo, mzungu ali m'machila, anthu akusinthana mtengo wa machilawo paphewa osaima. Nthaŵi yachilimwe thukuta linkayenderera mpaka kumapazi. Nthaŵi yadzinja mapazi ankamira, ndipo dzina la malo aja silidaperekedwe mwanthabwala. Alimi achizungu a khofi a m'mapiri a Shire ankadandaula kaŵirikaŵiri kuti ntchito ya mtengatenga ikuŵalanda antchito, ndipo dandaulo limeneli ndilo lidathandiza kwambiri kuti njanji imangidwe. Onani bwino: chimene chidaŵaŵa sichidali khosi la wosenza, koma kusoŵa kwa manja m'munda wa khofi.

Sindifuna kunamizira akufa. Amishoni ndi amalonda aja adabwera ndi chikhulupiriro chakuti malonda oyenera adzapha malonda a anthu, ndipo sadalakwitse kotheratu. Kapolo wosenza mnyanga kupita ku Kilwa kapena ku Quelimane ankagulitsidwa pamodzi ndi mnyangawo, osadzaonanso kwao. Mtengatenga wa Mandala ankabwerera kumudzi ndi nsalu m'manja, ndipo poyamba ambiri ankadzipereka okha, ena kuchokera kutali monga Atonga a ku Bandawe ndi Angoni a kumapiri. Kusiyana kumeneku nkwakukulu, ndipo wokukana sadalaŵepo goli. Koma boma la Britain litakhazikika mu 1891, nkubwera msonkho wa nyumba, umene kwa zaka zingapo udali masheleni 3, ufulu uja udayamba kufota. Munthu wopanda ndalama adalibe kwina kozipeza koma pansi pa mtolo kapena m'munda wa mzungu. Ndipo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, pamene amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 adatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, mau akuti mtengatenga adasanduka mau oopsezera ana. Ambiri adatsala m'tchire la kumpoto ndi la ku Tanganyika, opanda manda odziŵika.

Ifenso a Mpingo tisadzichotsemo. Ansembe a White Fathers amene adafika kwa Mponda kumapeto kwa 1889 adaloŵera ku Quelimane ndi kukwera Shire monga ena onse. Ansembe atatu oyamba a chipani cha Montfort, Bambo Bourget, Bambo Prezeau ndi Bambo Winnen, adakafika ku Nzama mu 1901, ndipo pofika 1906 chipanicho chidali chitatsegula mishoni ya Neno. Kalisi, mwala wa pa guwa, vinyo wa Misa, belu, macheka ndi masileti a ana a sukulu sizidauluke kuchokera ku France ndi ku Holland. Wina adazisenza, mwina munthu amene sadamvetse konse chimene chidali m'bokosimo. Timakonda kunena kuti Uthenga Wabwino udabwera ndi amishoni, ndipo nzoona. Koma udafika pamutu pa Mmang'anja, Myao ndi Mngoni. Pa zikondwerero zathu za zaka 100 tidaŵerenga maina a ansembe ndi asisteri mmodzimmodzi, monga kudayenera. Simoni wa ku Kirene, amene adakakamizidwa kusenza kwa kanthaŵi kochepa, alembi a Uthenga Wabwino adamusungira dzina.

Tsono chidapha Matope nchiyani? Sidali nkhondo kapena mliri. Madzi ndiwo adachoka. Nyanja yathu ili ndi chikhalidwe chokwera ndi kutsika pa zaka zambirimbiri, malinga ndi mvula ya m'mapiri oizungulira. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 idayamba kutsika, ndipo sitima zidayamba kukhuza pansi mu Shire wa kumtunda. Chaka ndi chaka malo ofikira ankasunthira kumpoto, kuthaŵa mchenga. Pofika 1915 mchenga ndi bango zidatseka pakamwa pa mtsinje, kotero kuti madzi a m'nyanja adaleka kutuluka, ndipo pansi pa nyanja ya Malombe anthu adalimapo minda. Zidakhala choncho zaka 20. Katundu wopita kunyanja adayamba kudzera pamtunda, ku Zomba ndi ku Liwonde mpaka ku Fort Johnston, imene lero ndi Mangochi. Doko lopanda madzi lili ngati mtondo wopanda munsi: lilipo, koma palibe wolifuna.

Akulu adati madzi saiŵala khwaŵa, ndipo mu 1935 Shire adayambanso kuyenda. Koma malonda alibe chikumbumtima chotero. M'chaka chomwecho njanji yochokera ku Blantyre idafika kunyanja, ku Chipoka ndi ku Salima, ndiponso mlatho waukulu wa Dona Ana udatsegulidwa pa Zambezi, kotero kuti katundu ankatha kuchoka pa Beira mpaka kunyanja osatsika m'ngolo. Madzi adabwerera, nkupeza sitima zitapita kale.

Matope adali ndi mbale wake kumathero ena a njira, ndipo imfa yao idafanana. Mu 1889 Daniel Rankin adalengeza kuti pa Chinde, pamodzi mwa malo amene Zambezi amathira m'nyanja yamchere, sitima zikuluzikulu zingathe kuloŵa. Pangano la Britain ndi Portugal la 1891 lidapatsa Angerezi kachigawo ka malo pamenepo kwa zaka 99, kuti katundu wa dziko lino azitsikirapo osalipira msonkho kwa Apwitikizi. Chinde adalanda malo a Quelimane, nakhala khomo lathu la kunja. Koma mafunde ankadya gombelo chaka ndi chaka, mphepo yamkuntho ya mu Febuluwale 1922 idaphwanya nyumba ndi kumiza sitima, ndipo chaka chomwecho njanji yochokera ku Beira idafika pa Zambezi. Pangano la zaka 99 lidatha ntchito lisadakwanitse zaka 33. Uku madzi adachepa, uko adachuluka, koma mathero adali amodzi.

Matope adapezako moyo wachiŵiri pamene msewu wochokera ku Blantyre kupita ku Ntcheu ndi ku Lilongwe unkaolokera pa mlatho wa pamenepo. Achikulire amene adayendapo pa mabasi akale amakumbukirabe fumbi la njira imeneyo. Koma msewu wa tala utabwera udakaolokera pa Zalewa, kumunsi pang'ono, ndipo msika, mabasi, nyama yootcha ndi phokoso lonse zidasamukira kumeneko. Kaŵiri konse njira idabwera pa Matope, ndipo kaŵiri konse idachoka.

Ndidapitako m'mwezi wa Okutobala, nthaŵi imene dziko la kumunsi kwa Neno limakhala ngati chiwaya. Munthu ukapatuka pa tala umaloŵa m'dziko la milambe ndi mitsanya yotsalira apa ndi apo, mbuzi zikubisala pansi pa nkhokwe, matumba a makala ataimikidwa m'mbali mwa njira ngati anthu odikira basi. Pa mishoni pali tchalitchi, sukulu ndi chipatala chaching'ono, ndipo amai adali atakhala pamthunzi ndi ana ao kudikira sikelo. Mtsinje pamenepo ngwotambalala ndi wofatsa, wobiriŵira m'mbali ndi bango, ndipo ukanyenga mlendo kuti asambemo akadapanda kuchenjezedwa za ng'ona. Ndidayang'ana chipilala kapena chikwangwani chonena kuti pano padaima sitima, koma maso anga adangoona bwato limodzi la mtengo ndi mnyamata woŵedza. Ndidakhala pansi ndi mkulu wina amene ankaluka mono, ndipo nditamufotokozera chimene ndadzera adaseka. "Abambo, inu mwabwera kudzafuna sitima? Ife kuno tikufuna mlatho ndi mankhwala." Ndidati, "Nanga agogo, za amtengatenga mudamvako?" Adaika mono pansi nati, "Mufunsa ngati adatha. Taonani uko." Adaloza ndi mlomo mnyamata amene ankakankha njinga pamchenga, matumba atatu a makala atamangidwa pamwamba kuposa mutu wake.

Kuchokera kumtsinje dziko limakwera pang'onopang'ono, kuoloka Lisungwi, kenaka limaima chiriri. Amene sadafikeko sangakhulupirire kuti boma limodzi lingakhale ndi maiko aŵiri otere. Kumunsi munthu amagona panja chifukwa cha kutentha. Kumtunda, kwa Dambe ndi ku Nsambe, m'mapiri amene azungu adaŵatcha dzina la John Kirk, mnzake wa Livingstone, munthu amafuna bulangeti ndi moto. Kumeneko nthaka njofiira ndi yachonde. Kumabereka mbatata ya kachewere, nyemba, nandolo, tirigu ndi zipatso, ndipo nthaŵi ya manachesi mitengo imachita kuŵerama. Amishoni adakonda kumtundaku chifukwa cha mphepo yabwino: Akatolika pa Neno mu 1906, a Seventh-day Adventist pa Matandani mu 1908. Koma chonde chopanda njira nchosautsa mtima kuposa chilala, chifukwa mlimi amaona ndi maso ake thukuta lake likuolera pakhomo, kapena amaligulitsa pa mtengo umene wanena mwini galimoto yekhayo amene walimba mtima kukwera phirilo. Kwa zaka zambirimbiri kulira kwa anthu a Neno kwakhala kumodzi, msewu, ndipo andale a zipani zonse adaphunzira kuutchula nthaŵi ya chisankho. Boma la Neno lidaima palokha mu 2003 litapatulidwa ku Mwanza, ndipo kuyambira 2007 bungwe la Partners In Health, limene kuno limatchedwa Abwenzi Pa Za Umoyo, lidathandizana ndi boma kumanga zipatala pa Neno ndi pa Lisungwi. Zimenezi zidapulumutsa miyoyo yambiri. Komabe m'midzi ya kuseri kwa mapiri, mvula ikagwa, wodwala amatsika pa machila a nsungwi, amuna anai akusinthana paphewa monga momwe ankachitira azigogo ao, kusiyana kwake nkwakuti tsopano wonyamulidwayo ndi mbale wao.

Chodabwitsa nchakuti mathithi aja, amene adali temberero kwa Livingstone ndi goli kwa amtengatenga, ndiwo adadzasanduka chuma chachikulu cha dziko lino. Mu 1965 adatseka Shire pa Liwonde kuti madzi aziyenda mwa muyeso. Mu 1966 makina a magetsi adayamba kuzungulira pa Nkula, mu 1973 pa Tedzani, ndipo mu 2000 pa Kapichira. Nyali za ku Blantyre, ku Zomba ndi ku Lilongwe, makina a m'mafakitale, ngakhale makina amene asindikiza tsamba mukuŵerengali, mphamvu yake yambiri imachokera m'madzi ogwa m'malire a Neno ndi Blantyre. Nsanja zachitsulo zimanyamula mphamvuyo kudutsa pamwamba pa midzi, ndipo m'midzi yambiri pansi pa mawaya amenewo mwana amaŵerenga ndi tochi ya mabatire. Sindikunena kuti palibe chimene chachitika. Malo a malonda ndi zipatala zina magetsi adafika. Koma munthu woyenda usiku kuchokera ku Zalewa kuloŵa m'kati amaona yekha kumene kuŵala kwathera.

Kenaka padabwera njanji yachiŵiri. Kampani ya ku Brazil yotchedwa Vale, pofuna kutulutsa malasha a ku Moatize m'chigawo cha Tete, idamanga njanji yatsopano yodutsa m'maboma a Chikwawa, Mwanza ndi Neno mpaka kukalumikizana ndi njanji yakale pa Nkaya m'boma la Balaka, kuti malashawo akafike ku doko la Nacala. Njirayo adaitsegulira mwamwambo mu 2017. Motero Neno adalumikizidwanso ndi nyanja yamchere, monga m'masiku a Quelimane ndi Chinde. Ndidaima pafupi ndi njanjiyo madzulo ena nkuyamba kuŵerenga ngolo, koma ana amene adali pambali panga adandiseka, nati iwo adaleka kale kuŵerenga. Sitima imodzi yotere imanyamula katundu amene amtengatenga onse a Mandala sakadamutha pa chaka. Imadutsa osaima. Manachesi a kumtunda ndi thonje la kumunsi zimaiyang'ana ikupita.

Pali anthu amene amati dziko lotere lidangobadwa ndi tsoka, kuti lili kumbali. Mbiri ikukana. Dera limeneli silidakhalepo kumbali. Lakhala pakati penipeni pa njira zonse zazikulu za dziko lino, ya madzi, ya msewu, ya magetsi ndi ya njanji. Chimene chakhala chikuchitika nchakuti njira iliyonse idakonzedwa ndi anthu oyang'ana kumathero ake aŵiri, Glasgow ndi Karonga, Blantyre ndi Lilongwe, Moatize ndi Nacala, ndipo okhala pakati ankaŵerengedwa ngati mtunda wofunika kuudutsa msanga. Pamene anthu apakatiwo adali ofunika kuti katundu adutse, ankafunidwa ndi nsalu kapena ndi chikoti. Makina atatha kudutsa popanda iwo, adaiŵalika. Tsopano kukukambidwa za damu lalikulu la magetsi pa Mpatamanga, limene madzi ake adzakhudza minda ndi midzi ya tsidya la Neno ndi la Blantyre. Mafumu a m'derali, a Symon ndi a Mlauli, pamodzi ndi anthu ao, ali ndi chifukwa chokwanira chofunsira mafunso ntchito isadafike patali, ndi kufuna kuti mayankho alembedwe pa pepala.

Za makala ndiyenera kunenapo mosabisa, ngakhale ndikudziŵa kuti ena mwa akhristu athu amadyera momwemo. Mitsanya ya kumunsi kwa Neno yatha ndi nkhwangwa. Mitengo ikatha mvula imakokolola nthaka, Lisungwi ndi timitsinje tina timasanduka phala lofiira, ndipo matope ake amakathera mu Shire. Matope otere, ochokera m'madera onse ozungulira mtsinjewu, ndiwo amakwirira maiŵe a pa Nkula ndi pa Tedzani ndi kufooketsa makina. Magetsi akazima m'tauni, mai wa ku Ndirande kapena ku Chilomoni amathamangira mbaula, mtengo wa makala umakwera, ndipo mnyamata wa kwa Symon amanola nkhwangwa. Kumudzudzula mnyamatayo nkosavuta, ndipo paguwa timatero kaŵirikaŵiri. Koma iye sakuphikira makalawo, ndipo mwa onse odyapo pa thumba limenelo, iye ndiye amalandira zochepa.

Anyamata ameneŵa amanyamuka usiku kuti apeŵe dzuŵa ndi alonda a zankhalango. Amaoloka Shire, nakwera chitunda cha ku Lirangwe ndi ku Lunzu akukankha njinga, chifukwa kupalasa nkosatheka. Thumba limodzi lalikulu la makala limaposa mtolo uja wa makilogalamu 25, ndipo pa njinga pamakhala aŵiri kapena atatu. Akagulitsa amagula ufa, sopo ndi mchere, natsetsereka kubwerera kumtsinje. Njira imene amadzera ikutsata pafupifupi mzere womwe uja wa pakati pa Matope ndi Mandala, ndipo ulendo wake, kupita ndi kubwera, umaŵatengerabe masiku aŵiri.